KALIMIDWE KA MAVWENDE A CRIMSON SWEET M'MADIMBA A KU MUA, GOLOMOTI NDI MTAKATAKA

Mlimi wa chimanga ndi fodya akatha kukolola ndi kugulitsa, patsala miyezi inayi kapena isanu imene khasu lingogona pakhonde. Ndalama za fodya zilowa ndi kutuluka msanga, ndipo pofika Novembala, nthawi imene feteleza ndi mbewu zifunika, m'thumba mukhala mopepuka. Phunziro lino likamba za mbewu imodzi imene ingathe kutseka mpata umenewu, ndiyo mavwende a mtundu wotchedwa Crimson Sweet, olimidwa m'dimba nthawi ya chilimwe.

Inu alimi a m'chigwa cha kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti, kudzera ku Mua kumene kuli Mishoni, kufikira ku Mtakataka, muli ndi chinthu chimene anzanu a kumtunda alibe. Iwo ali ndi chisanu choyenera mbatata ya kachewere. Inu muli ndi dzuwa lotentha, dothi lamchenga lotsika ndi madzi kuchokera m'mapiri, ndiponso mitsinje monga Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi. Zitatu zimenezi ndizo zimene vwende lifuna. Komatu vwende la malonda silichita bwino mwangozi ayi. Lifuna kubzalidwa pa nthawi yake ndi kupatsidwa madzi pa muyeso wake. Mlimi wolakwa pa ziwirizi ataya thukuta la miyezi itatu.

1. MTUNDU WAKE

Mavwende si mbewu yachilendo kwa ife, pakuti kwawo ndi ku Africa konkuno. Aigupto akale anali kuwalima zaka zoposa 4,000 zapitazo, ndipo m'chaka cha 2021 akatswiri ofufuza za mbewu anaonetsa kuti mbale wapafupi wa vwende lotsekemera ndi vwende lina la ku Kordofan, m'dziko la Sudan. Makolo athu nawonso anali kuponya nthanga za mavwende m'munda wa chimanga ndi mapira pamodzi ndi maungu, kuti olima apeze chothetsa ludzu. Mavwende achikale amenewa apirira chilala, koma ambiri a iwo ali ndi nthanga zochuluka ndipo satsekemera kwenikweni, chotero pamsika sapeza mtengo wabwino.

Crimson Sweet ndi mtundu umene unakonzedwa ku America ndi Charles V. Hall, wa ku sukulu yaikulu ya Kansas State University, ndipo unaperekedwa kwa alimi m'chaka cha 1963. Kholo lake lina ndi vwende lalitali lija lotchedwa Charleston Gray, limene linatuluka m'chaka cha 1954. Vwende la Crimson Sweet ndi lobulungira pang'ono, lobiriwira motuwa, ndi mizere yobiriwira kwambiri yotsika kuchokera ku phata. M'kati mwake ndi mofiira, nthanga zake ndi zazing'ono, ndipo losamalidwa bwino lilemera mapaundi 15 kufikira 25, ndiwo makilogalamu 7 kufikira 11. Khungu lake ndi lolimba, chotero lipirira ulendo wa pa galimoto kapena pa ngolo. Likhwima patapita masiku ngati 85 chibzalire.

2. NTHAWI YOBZALA

Nthawi yabwino kuposa zonse ndi kuyambira kumayambiriro a Ogasiti kufikira sabata yoyamba ya Sepitembala. Zifukwa zake ndi zitatu.

Choyamba, nthanga za vwende sizimera bwino m'dothi lozizira. Mukabzala mu Juni kapena Julayi, mwera ukuomba, zina ziola m'nthaka ndipo zomerazo zikula mopinimbira. Dikirani kuti chisanu chithe.

Chachiwiri, vwende lobzalidwa mu Ogasiti likhwima kumapeto a Okotobala ndi mu Novembala, pamene dzuwa liswa mtengo ndipo munthu aliyense wa paulendo ali ndi ludzu. Dzuwa lomwelo ndilo liunjika shuga m'chipatso.

Chachitatu, mukachedwa kubzala, zipatso zikumana ndi mvula ya dzinja zisanakhwime. Mvula idza ndi nthenda za masamba, ing'ambitsa zipatso ndi kuzisukulutsa. Ndiponso nthawi imeneyo manja anu afunika kumunda wa chimanga ndi kowokera fodya. Dimba la mavwende liyenera kutha ntchito ya dzinja isanayambe.

Musabzale dimba lonse tsiku limodzi. Gawani patatu, ndipo bzalani gawo lililonse motalikirana masabata awiri, kuti zipatso zisadzakhwime zonse pamodzi n'kukukakamizani kugulitsa pa mtengo wotaya.

3. KUSANKHA MALO

Vwende lifuna dothi lamchenga losakanizika ndi chonde, lakuya, losasunga madzi pamwamba, ndiponso malo a dzuwa tsiku lonse, opanda mthunzi wa mango kapena nthochi. Dothi lakuda la makande, longa la m'minda ya mpunga ya ku Bwanje, siliyenera. Liuma ngati njerwa ndipo likanyowa mizu iola.

Alimi a fodya amvetse ichi: musabzale mavwende pamalo pamene panali nazale ya fodya, kapena pamene munalima fodya, matimati kapena therere chaka chathachi. M'dothi lotere mukhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene titupitsa mizu ndi kuichititsa mfundomfundo. Mutidziwa kale pa fodya. Pa vwende tichita chimodzimodzi. Musabwerezenso mavwende, maungu kapena nkhaka pamalo amodzi zaka zotsatana, chifukwa nthenda yofotetsa mbewu itsala m'dothi nthawi yaitali. Papite zaka zinayi musanabwererepo, ndipo pakati pake limanipo chimanga cha m'dimba kapena anyezi.

Musalime kufika pagombe penipeni pa mtsinje. Siyani mpata wa bango, udzu ndi mitengo. Mitsinje ya kuno itsika m'mapiri ndi liwiro lalikulu, ndipo gombe lolimidwa ligumuka ndi madzi oyamba a dzinja. Wolima pagombe apindula chaka chimodzi, nataya dimba la ana ake.

4. KUKULA KWA DIMBA NDI KUKONZA MAPANDO

Mizere italikirane mapazi 6, ndipo mapando mumzere atalikirane mapazi 3. Ndiko kunena pafupifupi mamita awiri ndi mita imodzi. Potero ekala imodzi itenga mapando 2,420. Alimi ambiri aona ngati mpata wotere ndi kutaya malo, koma nthambi za vwende ziyanga kutali. Mukapanikiza mupeza masamba ambiri ndi tizipatso tating'ono.

Musanayese malo, yambani mwayesa madzi anu ndi manja anu. Phando lililonse lidzafuna kheni yodzaza katatu pa sabata pamene kwatentha. Banja lothirira ndi makheni liyambe ndi mapando 100, amene akwana pamalo a mayadi 20 m'litali ndi mayadi 10 m'lifupi. Okhala ndi pampu kapena ngalande angathe kuonjezera. Nkwabwino kukolola mavwende 150 aakulu m'dimba laling'ono kusiyana ndi kuona ekala yathunthu ikufota chitsime chitaphwa mu Okotobala.

Tipulani malo onse mwakuya ndi kuswa zibuma. Pa phando lililonse kumbani dzenje lakuya phazi limodzi ndi lotambalala phazi limodzi. Thiranimo mafosholo awiri a manyowa owolerana bwino, a m'khola la ng'ombe kapena mbuzi, kapena a kompositi, ndipo sakanizani ndi dothi la pamwamba. Ndowe zaziwisi zitentha mizu ndi kuitana chiswe. Ngati muli ndi feteleza wa fodya uja wa D Compound, onjezani masupuni aakulu awiri ndi kusakaniza bwino. Ali ndi potashi, amene athandiza chipatso kulimba ndi kutsekemera. Kwirirani dzenjelo, ndipo pamwamba pake umbani kabeseni kosunga madzi. Chitani zimenezi sabata imodzi musanabzale. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

5. KUBZALA, KUPATULIRA NDI KUPALIRA

Gulani mbewu ya m'paketi yotsekedwa m'sitolo yodziwika, ndipo onani tsiku lolembedwapo. Thirirani mapando madzulo, m'mawa mwake bzalani nthanga zitatu pa phando, motalikirana pang'ono, kuya kwake inchi imodzi. Bzalani pomwepo pamene mbewu idzakulire, pakuti vwende silikonda kuzulidwa ndi kuwokeredwa monga fodya. Zimera patapita sabata imodzi kapena masiku 10.

Mbande zikakhala ndi masamba enieni atatu kapena anayi, patulirani ndi kusiya imodzi yamphamvu. Dulani zinazo ndi mpeni. Mukazula mugwedeza mizu ya yotsalayo.

Palirani kawiri kapena katatu nthambi zisanayange, ndipo khasu lisalowe kwambiri, chifukwa mizu yambiri ili pafupi ndi pamwamba. Nthambi zikayamba kuyanga, patapita masabata atatu kapena anayi, thirani supuni yaikulu imodzi ya CAN pa phando, motalikira chikhato chimodzi kuchokera ku tsinde, kwirirani ndi kuthirira. Musapyole muyeso, feteleza wobereketsa akachuluka mbewu ichita masamba okhaokha ndipo maluwa achedwa. Tsono yalani udzu wouma wopanda njere pakati pa mizere. Udzu usunga chinyezi, uletsa tchire, ndipo nthambi zigwirirapo kuti mphepo isazigubuduze. Nthambi zikakuta nthaka lekani khasu, muzizula udzu ndi manja, ndipo musamatembenuze nthambizo kawirikawiri.

6. MADZI

Apa ndipo pagona phunziro lonse. Magawo 9 mwa magawo 10 a vwende ndi madzi, koma madziwo safunika mofanana masiku onse.

Kuyambira pobzala kufikira mbande zitakhazikika, thirirani pang'ono tsiku ndi tsiku kuti pamwamba pasaume. Kuyambira pamenepo sinthani: thirirani kwambiri koma mwa apo ndi apo, kawiri kapena katatu pa sabata, kuti madzi alowe pansi ndipo mizu iwalondole. Kuwaza timadzi pamwamba tsiku lililonse kuchititsa mizu ulesi, ndipo mbewu yotere ifota tsiku loyamba limene mwadwala kapena mwapita kumaliro.

Nthawi ya maluwa ndi pamene zipatso zikukula ndiyo nthawi ya ludzu lalikulu. Musadumphe tsiku lothirira. Dothi likamauma ndi kunyowa mosinthanasinthana, chipatso chida ndi kuola kunsonga kumene kunali duwa, kapena chikula chopindika. Pisani chala m'dothi pansi pa udzu. Ngati chala chonse chituluka chouma, mwachedwa.

Zipatso zikafika pa msinkhu wake, patatsala masiku 10 kuti muyambe kuthyola, chepetsani madzi kufikira ongoletsa masamba kufota. Alimi ambiri alakwa pano. Poona zipatso zazikulu, aonjezera madzi kuti zilemere, ndipo zotsatira zake zipatso zing'ambika kapena zisukuluka. Wogula amene walawa vwende losukuluka sabweranso.

Thirani madzi m'kabeseni, pansi, osati pamasamba, ndipo thirirani m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Masamba ogona onyowa ndiwo khomo la nthenda.

7. MALUWA, NJUCHI NDI ZIPATSO

Vwende lili ndi maluwa a mitundu iwiri pa mbewu imodzi. Aamuna ayamba kutuluka ndipo ndi ochuluka. Ayoyoka osabala kanthu, chotero musadandaule powaona pansi. Aakazi adziwika ndi kavwende kakang'ono kumbuyo kwa duwa. Duwa lalikazi litseguka tsiku limodzi lokha, m'mawa, ndipo lifuna njuchi zilifikire kangapo ndi ufa wochokera ku duwa lalimuna. Njuchi zikachepa, kachipatso kayoyoka kapena kakula kopotoka. Chifukwa chake musapopere mankhwala m'mawa nthawi ya maluwa, ndipo musatenthe tchire lozungulira dimba. Mlimi wokhala ndi mng'oma wa njuchi chapafupi apindula kawiri.

Zipatso zikafika kukula kwa nkhonya, sankhani ziwiri zooneka bwino pa mbewu iliyonse, ndipo chotsani zopindika, zoboka ndi zochedwa. Pansi pa chipatso chilichonse ikanipo udzu wouma kuti chisagone pa dothi lonyowa. Ngati masamba ndi ochepa, phimbaninso pamwamba pake ndi udzu pang'ono kuti dzuwa la Okotobala lisachiwaule.

8. ADANI A MAVWENDE

Ntchentche yoboola zipatso. Ndiyo mdani wamkulu. Iboola kachipatso kanthete ndi kuikira mazira m'kati. Mphutsi zake ziolesa chipatsocho, kenaka zilowa m'dothi ndi kudzatuluka ntchentche zina. Yenderani dimba masiku awiri alionse, tolani zipatso zonse zoboka ndi zoola, ndipo zikwirireni m'dzenje lakuya mapazi awiri. Musazitaye m'mbali mwa dimba. Duwa likangofota mungathe kuvundikira kachipatso ndi pepala kufikira khungu litalimba. Ntchito imeneyi iyenda bwino alimi onse oyandikana madimba akaichita pamodzi.

Nsabwe za pamasamba. Zikhala kunsi kwa tsamba, zilipinda, ndipo zifalitsa nthenda yochititsa masamba mawangamawanga ndi kukwinyika. Nthendayi ilibe mankhwala. Zulani mbewu yodwalayo msanga. Nsabwe zikangoyamba, poperani madzi a sopo pang'ono kapena madzi onyikamo masamba osinja a nimu.

Tizikumbu todya masamba. Tiononga kwambiri mbande zanthete. M'mamawa kukali chisisira tikhala tofooka, ndipo titoleka ndi manja.

Nthenda yonga ufa woyera pamasamba. Idza nthawi ya chilimwe, makamaka m'dimba lopanikizana. Chotsani masamba oyamba kudwala ndipo funsani mlangizi za mankhwala oyenera.

Mbuzi, nkhumba ndi anyani. Mangani mpanda wolimba musanabzale. A madimba a kufupi ndi nkhalango ya Mua ndi Livulezi adziwa kuti anyani salakwitsa tsiku limene vwende lakhwima. Pamenepo pafunika mlonda.

Chenjezo kwa alimi a fodya: musatenge mankhwala otsala ku nazale kapena kumunda wa fodya ndi kupopera pa mavwende. Vwende lidyedwa laliwisi, ndipo ana ndiwo alikonda. Gwiritsani ntchito mankhwala okhawo olembedwa kuti ndi a mbewu zodyedwa, tsatani muyeso wa pa botolo, ndipo werengani masiku oyenera kudikira musanathyole.

9. KUDZIWA VWENDE LAKUPSA

Nthochi ndi mango zipsa m'nyumba, koma vwende ayi. Likathyoledwa losakhwima likhala lomwelo mpaka kuola. Kawirikawiri lipsa patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi duwa litafota. Zizindikiro zake ndi izi:

Kachingwe kopotana kamene kali pa mfundo ya nthambi, moyang'anana ndi phata la chipatso, kauma ndi kusanduka kofiirira.

Pamimba pamene chipatso chigonera pansi paleka kuyera, pasanduka pachikasu.

Khungu lileka kunyezimira.

Mukaligogoda ndi chala limveka mawu otsika, osati olira ngati chitini.

Musadalire chizindikiro chimodzi. Dikirani kuti zitatu zigwirizane, ndipo dulani vwende limodzi kulawa musanathyole ambiri. Ogula a magalimoto adzakufulumizitsani ndi ndalama m'manja, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Dulani ndi mpeni m'mawa, kusiya phata la mainchi awiri. Musakoke kapena kupotokola. Musaponye zipatso, ziikeni pamthunzi, pa udzu, ndipo musasanjikize zoposa zitatu. Pamalo ozizira bwino zikhala masabata awiri.

10. KUGULITSA NDI KUSUNGA MBEWU

Msewu waukulu wa m'mbali mwa nyanja, wochokera ku Balaka kunka ku Salima, udzera pakati panu, ndipo msewu wokwera mapiri kuchokera ku Golomoti ufikitsa katundu ku Dedza ndi ku Lilongwe. Funani ogula zipatso zisanapse, osati zitaunjikidwa kale. Sankhani zazikulu pazokha, zapakati pazokha, monga muchita posankha fodya, ndipo alimi oyandikana agwirizane mtengo ndi kubwereka galimoto imodzi. Lembani m'kabuku zonse zimene mwaononga pa mbewu, feteleza, mankhwala ndi aganyu, kuti mudziwe phindu lenileni. Ndalama zikalowa, gulani feteleza wa chimanga msanga zisanamwazike. Musagulitsenso zonse, siyirani ana anu.

Mbewu ya Crimson Sweet ingathe kusungidwa, koma pokhapokha ngati pafupi panalibe mavwende a mtundu wina, chifukwa njuchi zisakaniza mitundu, ndipo kusakanizikako kuonekera m'zipatso za chaka chamawa. Maungu ndi nkhaka sizikwatirana ndi vwende monga ena aganizira. Tizitalikitsa chifukwa cha tizilombo ndi nthenda zokha. Sankhani chipatso chakupsa bwino cha pa mbewu yopanda nthenda, tsukani nthanga zake, ziumitseni pamthunzi ndi kuzisunga m'botolo lotseka. Nthanga za mitundu ya haibulidi, yolembedwa F1 pa paketi, musasunge; ana ake safanana ndi kholo.

ZOFUNIKA KUKUMBUKIRA

1. Bzalani mu Ogasiti, chisanu chitatha, kuti muthyole mvula isanadze.
2. Pewani malo a nazale ya fodya, a matimati ndi a maungu.
3. Limani dimba lolingana ndi madzi anu.
4. Thirirani kwambiri nthawi ya maluwa ndi zipatso, chepetsani masiku 10 omaliza.
5. Tetezani njuchi, kwirirani zipatso zoola.
6. Thyolani lakupsa lokha.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA ALIMI

Kodi chitsime kapena mtsinje wanu ukhala ndi madzi kufikira mwezi uti? Kodi angakwanire mapando angati? Kodi pamalo pamene mufuna kubzala panali mbewu yanji zaka zitatu zapitazi? Kodi ndani m'mudzi mwanu angagwirizane nanu pa mpanda, pa ulonda ndi pa galimoto?

Mukayankha mafunso amenewa, pitani kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu mwezi wa Julayi usanathe, kuti adzaone malowo pamodzi ndi inu musanakumbe phando loyamba.